Soketi ya 13A yapsa potchaja galimoto, chalakwika n'chiyani?

Wongoyamba:
Moni nonse apa. Ndili ndi vuto ndipo mtima sukukhala pansi. Ndinagula galimoto yoyendera magetsi miyezi iwiri yapitayo, batire lake ndi la 40 kWh. Ndimatchaja usiku pa soketi wamba ya m'galaja, ija ya mabowo atatu, ya 13A (ma ampi 13). Tchaja yanga ili ndi batani losankhira 6, 8, 10 kapena 13, ndiye ndinaika pa 13 poti soketi nayonso yalembedwa 13A. Dzulo m'mawa pozula pulagi, mwendo wake umodzi unandiwotcha chala. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti pulasitiki ya pabowo la kumanja yafiirira ngati yowaula. Bureka sinagwe, fyuzi ya m'pulagi ili bwinobwino. Chondizunguza mutu n'chakuti ketulo yanga ndi ya 3000 W ndipo sinapsereze soketi chigulireni. Kodi nambala zomwe amalembazi n'zabodza?

Mmisiri wa Magetsi:
Pepani achemwali. Tisanapite kutali, soketi imeneyo musaigwiritsenso ntchito, olo kutchajirapo foni. Thimitsani bureka ya dera limenelo mpaka wina ayitsegule. Pulagi ya tchajayo nayonso ionedwe, chifukwa mwendo womwe unatentha umakhala utada, ndipo mukaulowetsa m'soketi yatsopano ukaiwononganso.

Nambala si yabodza ayi, koma sinena nkhani yonse. Ketulo imakoka 13A kwa mphindi zitatu kapena zinayi, kenako soketi n'kupuma mpaka kuzizira. Galimoto imakoka 13A yomweyo kwa maola khumi osalekeza, mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. M'nyumba mulibe chinthu china chomwe chimavutitsa soketi chonchi. Bowo la kumanja lomwe mwatchulalo ndi la live, waya wobweretsa magetsi, ndipo mkati mwa pulagi mbali imeneyo ndi komwe kumakhala fyuzi. Soketi zambiri zomwe ndachotsa zitapsa, zinayambira pomwepo.

Wongoyamba:
Zikomo bambo, ndathimitsa. Nanga fyuzi bwanji sinapse? Ndimayesa ntchito yake ndi imeneyi.

Mmisiri wa Magetsi:
Fyuzi ndi bureka zimangowerenga ma ampi, sizimva kutentha kwa pamalo amodzi. Inu simunadutse 13A, ndiye kwa izo zonse zinali bwino. Komanso fyuzi ya 13A sipsa pa 14 kapena 15. Muyezo wake, BS 1362, umafuna kuti ipirire ma ampi ake kuchulukitsa ndi 1.6 kwa theka la ola osapsa, kutanthauza pafupifupi 21A. Inaikidwa kuti iteteze chingwe pakachitika shoti. Iyo yomwe imatulutsa kutentha pang'ono, muyezo umailola mpaka 1 W, ndipo timapanirizi togwira fyuziyo tikalefuka timawonjezera kwina.

Mphunzitsi wa Sayansi:
Ndiwonjezereko masamu pang'ono, chifukwa ndi omwe anandithandiza ine kumvetsa. Kutentha pamalo pomwe zitsulo ziwiri zakhudzana sikukwera mofanana ndi ma ampi. Mumatenga ma ampi n'kuwachulukitsa ndi iwo eni, kenako ndi resistance ya pamalopo, kutanthauza kukana kwa malowo kudutsitsa magetsi, komwe timayeza mu ma ohm. 10 kuchulukitsa ndi 10 ndi 100. 13 kuchulukitsa ndi 13 ndi 169. Ndiye kuchoka pa 10A kupita pa 13A, liwiro lotchajira mwangowonjezera 30 pa 100, koma kutentha mwawonjezera 69 pa 100. Pa 16A kufika 256, kuposa kawiri ndi theka.

Tiyerekeze kuti mwendo wa pulagi sukugwira bwino ndipo pali 0.05 ohm. Pa 10A pamenepo patuluka 5 W, pa 13A patuluka 8.45 W. Nambalayi ikuoneka yaing'ono, koma kumbukirani kuti kutentha konseko kwaunjikana pa kachitsulo kochepa ngati chikhadabo, kotsekeredwa m'pulasitiki, mkati mwa khoma momwe simupita mphepo. Ndipo vutoli limadzidyetsa lokha. Kutentha kumalefula kachitsulo kopanira mwendo wa pulagi, mkuwa umada, resistance n'kukwera, kutentha n'kukweranso. N'chifukwa chake zinayenda bwino masabata asanu ndi awiri, n'kudzaonekera sabata lachisanu ndi chitatu.

Woyenda Usiku:
Ine ndikutsutsako pang'ono akuluakulu. Ndakhala ndikutchaja pa 13A zaka ziwiri tsopano, soketi imodzimodzi, ndipo palibe chachitika. Ngati muyezo ukunena 13A ndiye kuti anayesa pa 13A. Tisamaopseze anthu ongoyamba. Soketi ya achemwaliwa inali yachinyengo kapena yokalamba basi.

Mmisiri wa Magetsi:
Achimwene, sindikukayikira zomwe mwanena. Soketi yabwino, yatsopano, yomangidwa bwino, pamalo pozizira, ikhoza kunyamula 13A nthawi yaitali. Vuto ndi lakuti muyezo umayesa soketi yatsopano ndi pulagi yoyera m'chipinda choyeserera. Soketi ya m'galaja yadya fumbi, yamwa chinyontho, yalowetsedwa ndi kuzulidwa kambirimbiri, ndipo masikuluwu ake anamanga ndi munthu yemwe simumudziwa. Ndikufunseni: munayamba mwagwira pulagi yanu patatha maola atatu ikutchaja? Osati m'mawa itamaliza kale, chifukwa nthawi imeneyo imakhala yazizira.

China, omwe amalemba miyezo anaona okha kuti galimoto ndi katundu wosiyana. Mu 2016, muyezo wa masoketi, BS 1363-2, unawonjezera mayeso apadera a soketi zotchajira galimoto, ndipo zomwe zapambana zimalembedwa EV (galimoto ya magetsi) kumbuyo kwake. Akadakhala kuti soketi iliyonse ya 13A ndi yokwanira, sakadavutika n'zimenezo. Onaninso kuti matchaja ambiri obwera ndi galimoto okhala ndi pulagi ya mtundu umenewu amalekeza pa 10A, yomwe ndi 2.3 kW pa 230 V.

Woyenda Usiku:
Kunena zoona sindinagwirepo pakati pa usiku. Ndigwira lero. Koma pali china chomwe sichikunenedwa: kutsitsa kwambiri nakonso kumawononga magetsi. Galimoto ikamatchaja, makompyuta ake ndi mapampu zimakhala zili maso, zikudya ma watt awo. Mukaika pa 6A mumatalikitsa nthawi, ndiye gawo lalikulu la magetsi limathera m'zimenezo osafika m'batire.

Mphunzitsi wa Sayansi:
Apa mwanena zoona achimwene, ndipo n'chifukwa chake sindiuza munthu kuti akhale pa 6A moyo wake wonse. 6A pa 230 V ndi 1.4 kW yokha. Koma 10A kwa maola khumi ndi 23 kWh kuchokera kukhoma. Chotsanipo zotayika, galimoto yaing'ono iyendabe makilomita oposa 100. Ndi angati mwa ife amayenda oposa pamenepo tsiku lililonse? 13A ikukupatsani 3 kW, kusiyana kwake ndi 0.7 kW chabe. Kwa ine phindu limenelo ndi laling'ono kwambiri poyerekeza ndi kugona galaja ili ndi soketi yotentha.

Wakutali:
Ndikupatseni moni kuchokera ku Germany. Kuno nkhani ndi yomweyi ngakhale pulagi ndi yosiyana. Timagwiritsa ntchito Schuko, ya miyendo iwiri yozungulira, earth (waya wotetezera wopita m'nthaka) ili m'mbali. Yalembedwa 16A, ndiye munthu akachulukitsa ndi 230 amati ali ndi 3.7 kW. Koma mayeso a kutentha a soketi zimenezi amatenga ola limodzi lokha, ndipo amisiri kuno amanena poyera kuti 16A pa Schuko ndi ya kanthawi. Zingwe zotchajira zomwe zimabwera ndi galimoto zambiri zimalekeza pa 10A, zina pa 8A. Pulagi ya Schuko ilibe fyuzi mkati, ndiye kumene kumapsa ndi pa timapanirizi ta m'soketi ndi polowera mawaya kumbuyo.

Yemwe akufuna 16A yeniyeni popanda kugula bokosi lotchajira la pakhoma amaikitsa soketi ya buluu ya CEE, ija ya m'malo oimikamo makaravani. Miyendo yake ndi yonenepa, imagwira mwamphamvu, ndipo chivindikiro cha soketi chimakola pulagi kuti isasololoke. Yofiira ya miyendo isanu ndi ya three phase (mawaya atatu a live), 400 V: 16A imapereka 11 kW, 32A imapereka 22 kW. Ku France kuli njira ina, soketi ya Green'Up ya Legrand. Imaoneka ngati wamba koma zitsulo zake n'zolimbitsidwa, ndipo ili ndi maginito mkati. Chingwe chogwirizana nayo chikamva maginitowo chimakwera kufika pa 14A kapena 16A, chikapanda kuwamva chimakhala pansi.

Wophunzira:
Pepani ndifunseko. Pa pulagi ya buluu yomwe ndili nayo palembedwa 16A 6h. Mnzanga anandiuza kuti ndiye kuti imanyamula 16A kwa maola asanu ndi limodzi basi. Ndi zoona?

Wakutali:
Ayi mphwanga, ambiri amasokoneza pamenepo. 6h ikunena malo a bowo la earth, ngati mukuyang'ana wotchi: lili pa 6 koloko, pansi. Muyezo wa IEC 60309 umasuntha bowo limenelo malinga ndi ma volt kuti pulagi ya 230 V isalowe m'soketi ya 110 V. Yachikasu ya 110 V imalembedwa 4h. Za maola palibepo.

Wophunzira:
Zikomo kwambiri achimwene, ndikamuuza.

Mlamu wa ku America:
Kwathu kuno lamulo linachita kulemba. Mu National Electrical Code, chinthu chokoka magetsi maola atatu kapena kuposa chimawerengedwa mwapadera, ndipo kutchaja galimoto kuli m'gulu limenelo. Mumangololedwa 80 pa 100 ya mphamvu ya bureka. Soketi wamba ya 15A, galimoto imatenga 12A, ndipo poti ndi 120 V, mumapeza 1.44 kW basi. Soketi yaikulu ya NEMA 14-50 pa 240 V, malire ndi 40A, koma matchaja ambiri onyamula m'manja amalekeza pa 32A chifukwa soketi yomweyo imaloledwa kuikidwa pa bureka ya 40A, ndipo tchaja siingadziwe zomwe zili kuseri kwa khoma.

Ngakhale ndi lamulo limeneli soketi zimasungunukabe. Zanga zinandichitikira. Amene anandiikira anagula 14-50 yotchipa, yopangidwira chitofu cha kukhitchini. Chitofu chimayaka n'kuzima, sichikoka mphamvu zonse usiku wonse. Patatha chaka ndinamva fungo m'galaja, kutsegula n'kupeza waya umodzi wapsa polowera, sikuluwu yake itamasuka. Wina anadzaika soketi ya m'mafakitale, yolemera m'manja, n'kumanga masikuluwu ndi chida choyezera kulimba kwake monga mwalembedwera m'pepala la soketiyo. Pa 32A masamu a aphunzitsi aja akupereka 1024, ndiye sikuluwu yomasuka pang'ono pokha imawotcha kuposa kakhumi poyerekeza ndi pa 10A.

Mmisiri wa Magetsi:
Alamu mwagunda pomwe ine ndimadandaula tsiku ndi tsiku. Anthu timayang'ana kutsogolo kwa soketi, koma theka la mavuto lili kumbuyo. Mkuwa ukatentha umafufuma, ukazizira umabwerera. Zikachitika usiku uliwonse kwa miyezi, waya umene unamangidwa mwaulesi umayamba kusewera pansi pa sikuluwu. Nthawi zina mumapeza mmisiri anadula tinsinga tina ta waya posenda, kapena anapanira pulasitiki m'malo mwa mkuwa. Fungo lomwe mwatchulalo anthu alidziwe: pulasitiki yoyera yolimba ya masoketi ambiri ikamapsa imanunkha ngati nsomba. Mukamva fungo lotere pafupi ndi soketi, musafunefune khoswe wakufa, thimitsani magetsi.

Ndinenenso za soketi ya pawiri. Musaganize kuti ndi 13 kuphatikiza 13. Pa mayeso amaika 14A mbali imodzi ndi 6A mbali inayo, zonse pamodzi 20A. Galimoto mbali ino, makina ochapira mbali inayo, mwadutsa kale.

Mayi Awiri:
Ine funso langa ndi la ekisitenshoni. Galimoto ndimaimika kutali ndi nyumba, chingwe cha tchaja sichifika. Ndili ndi ekisitenshoni ya mamita 25 yokulunga pa gudumu. Ndimangosolola mamita khumi omwe ndikufuna. Ndikulakwitsa?

Mphunzitsi wa Sayansi:
Mayi, chonde siyani lero lomwe. Tiwerengere limodzi. Waya wa mkuwa wa 1.5 mm² uli ndi pafupifupi 0.012 ohm pa mita. Magetsi amapita n'kubwera, ndiye mamita 25 ndi mamita 50 a waya, kutanthauza 0.6 ohm. Pa 10A chingwecho chikutulutsa 60 W, pa 13A chikudutsa 100 W. Chikatambasulidwa chonse pansi, mphepo imachotsa kutenthako. Koma mamita 15 omwe mwasiya pa gudumu akufundana okhaokha, kutentha kulibe kolowera, ndipo pulasitiki ya mkati imafewa mpaka mawaya kukhudzana. Yang'anani pambali pa gudumulo, mupeza nambala ziwiri, ina ya chingwe chokulunga, ina ya chotambasula. Ya chokulunga imakhala yochepa kwambiri. Ndipo ma ekisitenshoni ambiri waya wake ndi woonda kuposa 1.5.

Mmisiri wa Magetsi:
Kuwonjezera apo, matchaja abwino ali ndi kachipangizo komva kutentha mkati mwa pulagi yake. Pulagi ikatentha, tchaja imatsitsa ma ampi kapena kuima. Mukaika ekisitenshoni kapena adaputa pakati, kachipangizoko kamangomva kumapeto kwa ekisitenshoni, pomwe soketi ya kukhoma ikupsa popanda woona. N'chifukwa chake mabuku a galimoto amaletsa. Chimodzimodzi timapulagi ta nthawi ndi tija tolamula pa foni: mwawonjezera malo ena awiri okhudzana, ndi ka relay, kaswichi kakang'ono, mkati. Nthawi yotchajira ikani m'galimoto momwemo. Kwa inu mayi, njira yolondola ndi kukokera waya kuchokera ku bokosi la mabureka kukafika pomwe mumaimika, n'kuika soketi yosalowa madzi pamenepo.

Mayi Awiri:
Ndapita kukagwira gudumu lija pompano, galimoto yangotchaja ola limodzi ndi theka. Mkati mwake mukutentha moti sindinasiyemo dzanja. Ndazula. Mulungu akudalitseni.

Mmisiri wa Magetsi:
Mwachita bwino. Ulendo wina pozula, yambani mwaimitsa kutchaja ku galimoto, kenako muzule kukhoma. Kuzula magetsi akuyenda kumathetheka moto pa miyendo ya pulagi, ndipo timabala tomwe timatsalapo ndi tomwe timayambitsa kutentha mtsogolo.

Wophunzira:
Chomwe sindikumvetsa, galimoto yamakono chonchi, yodzaza makompyuta, singazindikire kuti soketi ndi yofooka?

Wakutali:
Galimoto siona soketi. Imangomvera zomwe kabokosi ka pa chingwe kakuiuza. Mwa miyendo ya pulagi ya ku galimoto muli kamodzi kotchedwa control pilot. Kabokosi kamatumiza chizindikiro choyaka ndi kuzima ka 1000 pa sekondi, ndipo gawo la nthawi yomwe chayaka ndi lomwe limanena ma ampi ololedwa. Malinga ndi IEC 61851, mumachulukitsa gawolo ndi 0.6: 10 pa 100 ndi 6A, 50 pa 100 ndi 30A. Achemwali atadina 13, kabokosi kanauza galimoto kuti tenga 13, galimoto n'kumvera. Pa zingwe za Type 2, zolumikizira galimoto ku bokosi la pakhoma, pali chitetezo china, ka resistor m'pulagi komwe kamanena kukula kwa chingwe: 1500 ohm ndi 13A, 680 ndi 20A, 220 ndi 32A, 100 ndi 63A. Bokosi la pakhoma limawerenga kameneka ndipo silipereka zoposa. Soketi wamba ya m'nyumba ilibe njira iliyonse yolankhulira. Batani losankhira ma ampi lija ndi munthu amene amaliyankhira.

Woyenda Usiku:
Nanga magetsi akafooka, titi atsike kufika 205 V, galimoto sikoka ma ampi ochuluka kuti ikwaniritse mphamvu yake? Makina ena amatero.

Wakutali:
Ayi, malire ake ndi a ma ampi, osati ma watt. Pa 10A ikhalabe pa 10A, kungoti mupeza 2.05 kW m'malo mwa 2.3. Koma yang'anirani ichi: ngati ma volt pa soketi ali bwino galimoto isanayambe, n'kugwa kwambiri ikangoyamba kukoka, ndiye kuti penapake panjira pali waya woonda kapena polumikiza pomasuka, ndipo ma volt otayikawo akusanduka kutentha pamalo amenewo. Galimoto zina zikaona kugwa kotere zimatsitsa zokha ma ampi.

Wongoyamba:
Ndawerenga zonse kawiri. Ndiye ndichite chiyani bambo Mmisiri? Ndingogula soketi ina yabwino n'kuika pa 10A?

Mmisiri wa Magetsi:
Poyambira n'pamenepo, koma wobwera kudzakonzayo asangosintha soketi n'kumapita. Aone kuti dera la galajalo likudyetsanso chiyani, chifukwa mwina firiji ndi makina ena zili pa waya womwewo. Chabwino ndi galimoto kukhala ndi waya wakewake wa 2.5 mm² kuchokera ku bokosi, bureka yakeyake, soketi imodzi osati ya pawiri, yolembedwa EV kumbuyo. Ayeze earth ndi chida, osati kungoyang'ana kuti waya wobiriwira ulipo, chifukwa galimoto ndi chitsulo chachikulu chomwe mumachigwira mutaponda pansi, nthawi zina ponyowa. Pakhalenso RCD, chipangizo chomwe chimagwa magetsi akamathawira m'nthaka kapena mwa munthu, ya 30 mA ya Type A, ndipo muone m'buku la tchaja yanu ngati imazindikira DC (magetsi a mtundu wa batire) yothawa ya 6 mA. DC yotere ikhoza kugonetsa RCD wamba kuti isagwe pomwe ikufunika kugwa.

Kabokosi ka tchaja musakasiye kakulendewera pa pulagi, kulemera kwake kumakoka miyendo n'kumasula timapanirizi. Khomani msomali kapena kashelefu. Ngati tsiku lina mudzaone kuti 10A sikukukwanirani, musakwezenso batani. Ikitsani bokosi la pakhoma lolumikizidwa ndi waya mwachindunji, lopanda pulagi pakati. Pa 32A limapereka 7.4 kW, ndipo batire lanu la 40 kWh lidzadza m'maola pafupifupi asanu ndi limodzi, pomwe pa 10A likufuna maola oyandikira 20 likakhala lathera. Koma limenelo limafuna waya wonenepa, kawirikawiri 6 mm², komanso kuona ngati magetsi olowa m'nyumba angakwanitse.

Woyenda Usiku:
Ndabwera ndi yankho monga ndinalonjezera. Ndinadzuka cha m'ma 1 koloko, galimoto itatchaja maola anayi pa 13A. Msana wa pulagi unali wotentha moti ndinapirira masekondi ochepa okha. Soketi sinasinthe mtundu, koma nditazula ndaona mwendo wa live wayamba kuda kumizu. Usiku wotsatira ndinaika pa 10A, ndipo inali yofunda chabe. Ndasiya pa 10. Bambo Mmisiri, mwendo wodawo ndipale ndi sandipepa?

Mmisiri wa Magetsi:
Musapale achimwene, mungachotse chitsulo n'kuchepetsa mwendo, kenako uzigwira mosalimba. Pukutani ndi nsalu youma. Kudako kukapanda kuchoka, kapena pulasitiki ya kumizu ikaoneka yotupa, pulagi yatha. Ndipo musaidule n'kuikapo yanu ngati ili ndi kachipangizo ka kutentha kaja, funsani komwe munagula tchaja. Soketi nayonso isinthidwe limodzi, chifukwa mkati mwake simukuonamo.

Wongoyamba:
Ndikudziwitseni momwe zathera. Mmisiri wabwera lero. Atatsegula, wapeza sikuluwu ya live yomasuka moti waya unasololoka atangoukoka ndi zala, ndipo pulasitiki ya wayawo inali itapsa pafupifupi masentimita atatu kulowa m'khoma. Kutsogolo kunkangooneka kabanga kakang'ono kaja. Wapezanso kuti soketi imeneyo inali pa waya umodzi ndi firiji ya m'galaja komanso magetsi a panja. Wakoka waya watsopano wa 2.5 kuchokera ku bokosi ndi bureka yake, waika soketi imodzi ndi mbedza yopachikapo kabokosi. Pulagi ya tchaja wati yawonongeka, ndiye ndikudikira chingwe china. Chikafika ndiyamba pa 8A usiku woyamba, ndikagwire patatha ola limodzi ndi patatha maola atatu, kenako ndikwere pa 10.

Mayi Awiri, mmisiriyu wati za kwanu zija n'zotheka, koma poti waya udutsa panja pamtunda wautali, ayeze kaye mamita ake asanasankhe kukula kwake. Mwina 2.5 sukwana, pafunika 4.